Zimene ndikuphunzira pa ndalama yagolide ya Mfumu Jean II

Ndalama zagolide za ku France za m'zaka za m'ma 1300 sizinkalembedwa chaka chimene zinasulidwa, choncho wofuna kuzidziwa bwino amayenera kuphunzira mbiri ya mafumu, kulemera kwa ndalama iliyonse ndiponso mawu a Chilatini olembedwa mozungulira m'mphepete mwake. Pa zonse zimene ndawerenga, imene yandigwira mtima kwambiri ndi franc à cheval (kutanthauza franc ya wokwera pa kavalo), ndalama ya Mfumu Jean II ya ku France, yomwe inayamba kusulidwa mu Disembala 1360.

Mfumu Jean II inagwidwa ndi Angerezi pa nkhondo ya ku Poitiers mu 1356, ndipo pangano la ku Brétigny la mu 1360 linaika dipo loiwombolera pa ndalama zagolide zotchedwa écu zokwana 3 miliyoni. Komabe pa ndalama yatsopanoyo mfumuyi ikuoneka ili pa kavalo wothamanga, itavala zankhondo, lupanga lili m'mwamba, ngati munthu amene sanagonjepo. Poyamba maso amakopeka ndi chithunzi chimenechi, koma ine ndikuona kuti uthenga weniweni uli m'golide mwenimwenimo. Kwa zaka zambiri za nkhondo, mafumu ankachepetsa siliva m'ndalama zawo mobwerezabwereza kuti apeze zolipirira asilikali, mpaka amalonda ndi alimi anasiya kuzikhulupirira. Franc inali yagolide wosasakaniza, yolemera pafupifupi magalamu 3.9, ndipo mtengo wake unali livre tournois imodzi ndendende, womwe unali muyeso wowerengera ndalama ku France pa nthawiyo. Uku kunali kulonjeza anthu kuti ndalama ikhazikika, lonjezo limene Charles V, mwana wa Jean II amene analowa ufumu m'malo mwake, analisunga pamene anatulutsa franc à pied, yoonetsa mfumu itaimirira, mu 1365.

Osonkhanitsa ndalama zakale salekana ndi sikelo, chifukwa ndalamazi zinkasulidwa pamanja ndi nyundo, ndipo anthu ena ankameta m'mphepete mwake kuti abe golide pang'onopang'ono. Ndalama yopepuka kwambiri imakhala yometedwa kapena yachinyengo.

Chimene ndikulimbana nacho tsopano ndi kadontho kobisika kamene kanayamba kuikidwa mu 1389, mu ulamuliro wa Charles VI. Kadonthoka kankaikidwa pansi pa chilembo chimodzi cha mawu ozungulira aja, ndipo malo ake ndiwo ankasonyeza mzinda umene ndalamayo inasulidwira, kuti osula achinyengo azidziwika. Kakakhala pansi pa chilembo cha nambala 18, ndalamayo ndi ya ku Paris, ndipo pa ndalama yoperepeseka pamafunika galasi lokulitsa ndi kuleza mtima kuti munthu awerenge zilembozo osaphonya.