Dzanja lamanzere layamba kumvera

Mwezi uno ndikulimbana ndi nyimbo ya piyano yoyimba ndi dzanja limodzi. Ndi Andante Finale, Op. 13, ya Theodor Leschetizky. Anaitenga mu opera (sewero loyimba) ya Donizetti, Lucia di Lammermoor, pamene anthu asanu ndi mmodzi amayimbira pamodzi, n'kuipanikiza yonse kuti ikwane m'dzanja lamanzere. Lamanja limangokhala pabondo ngati mlendo.

Ndidakali patsamba loyamba. Liwiro silikundivuta kwenikweni. Chala chachikulu ndicho chimasenza nyimbo, pomwe kachala kakang'ono kamathamangira kumunsi kukagwira besi (mawu apansi), ndiye dzanja likangodumpha nyimbo imaduka pakati. Chopondera chotalikitsa mawu chimalumikiza, inde, koma ukachedwa kuchikweza mawu onse amapiringizana. Kiyibodi yanganso makiyi ake ndi opepuka, moti kusiyanitsa mawu apamwamba ndi apansi kumafuna khutu kuposa mphamvu.

Khutulo ndi lomwe linandikopa kwa Leschetizky. Anabadwira ku Łańcut, tauni yomwe lero ili ku Poland, mu 1830, naphunzira ku Vienna kwa Carl Czerny, yemwe anaphunzitsidwa ndi Beethoven. Anakhala ku St Petersburg kuyambira 1852, ndipo ankaphunzitsa piyano pasukulu yanyimbo yomwe Anton Rubinstein anatsegula mu 1862. Atabwerera ku Vienna mu 1878, ophunzira anayamba kukhamukira kunyumba kwake: Artur Schnabel, Ignaz Friedman, Mieczysław Horszowski, komanso Ignacy Jan Paderewski, uja anadzakhala nduna yaikulu ya Poland mu 1919. Anthu amenewa sankayimba mofanana ngakhale pang'ono, ndipo mphunzitsi wawoyo ankakana zoti ali ndi njira imodzi yophunzitsira aliyense. Chomwe ankalimbikira n'chakuti piyano imveke ngati munthu akuyimba pakamwa. Nyimbo zake zopeka, kunena zoona, n'zokoma koma si zakuya. Dzina lake linatchuka chifukwa cha ophunzira, mpaka imfa yake ku Dresden mu 1915.

Ndiye ndasintha kaphunziridwe. Ndimatenga kachigawo kakafupi, n'kukayimba kaye pakamwa manja ali pansi. Kenaka ndimagunda chala chachikulu chokha, mwapang'onopang'ono, mpaka chifanane ndi zomwe pakamwa panatulutsa. Besi imalowa pomaliza. Mkono ukayamba kuwawa pafupi ndi chigongono ndimasiyira pomwepo, chifukwa dzanja limeneli silinazolowere kugwira ntchito lokha.

Mzere woyamba tsopano ukuyenda osaduka. Wachiwiri uli ndi malo amene dzanja limatambasuka kwambiri, ndipo zala zanga n'zazifupi, ndiye ndikuyesa kugunda manotsiwo motsatizana kuchokera pansi m'malo mowagunda pamodzi. Sabata yamawa ndikayesa pa piyano yeniyeni ya mnzanga kuti ndimve ngati chala chachikuluchi chikumvekadi.