Loweruka kwa alamu: mlandu wa ana 75 a Dr. Halsey

Loweruka usiku. Ndangofika kuchokera ku Chilomoni, mutu udakali wotentha, ndiye bola ndilembe ndisanagone.

Kum'mawa kunalibe zambiri. Ndinachapa, n'kudzera pamsika kugula usipa ndi matimati zomwe achemwali anandituma, kenako minibasi. Chinandikokera kumeneko ndi foni ya alamu ya dzulo: Xbox yomwe anaitanitsa kwa mnzawo wa ku Joni yafika, ndipo yabwera ndi mtolo uja wa magemu akale a Halo. Ndinapeza mphwawo wa ku koleji wakhala kale pamkeka, kontrola ili m'manja. Iyeyu Halo ankangoimvera kwa anzake, ndiye tinamuikira Halo 4, ya 2012 ija.

Gemuyo imayamba popanda kulira kwa mfuti. Mayi wachikulire, Dr. Catherine Halsey, wakhala m'chipinda cha mdima akupanikizidwa ndi mafunso ndi munthu wosaoneka nkhope, ndipo nkhani yake ndi ya ana amene anabedwa. Mnyamata uja anacheuka: "Achimwene, mayiwa analakwa chiyani?" Alamu osaphethira n'komwe: "Palibe. Amenewa ndi amene anapulumutsa mtundu wa anthu. Enawo ndi nsanje basi." Ine ndinati, "Alamu, taimitsani kaye gemuyo." Sitinaigwirenso mpaka dzuwa kupendeka.

Kwa inu amene simuitsata, Master Chief, msilikali wa zovala zachitsulo zobiriwira uja, dzina lake ndi John-117. M'mbiri ya nkhaniyi, chaka cha 2517 Halsey ndi nthambi ya ukazitape yotchedwa ONI anapeza ana 150 amene matupi ndi nzeru zawo zinali zapamwamba, koma ndalama zinangokwanira 75. Ana a zaka 6. Anawaba n'kupita nawo ku pulaneti ya Reach, komwe anawachotsera mayina a makolo awo n'kuwapatsa manambala, ndipo anakulira m'manja mwa mphunzitsi wa usilikali, Mendez. Atakwana zaka 14 anawachita maopaleshoni olimbitsa mafupa, minofu ndi maso. Buku loyamba la nkhaniyi, The Fall of Reach la Eric Nylund la 2001, limati 30 anafa, 12 analumala, ndipo 33 okha ndi amene anadzuka ali asilikali. Amenewo ndiwo ma Spartan amene timawaombera m'manja.

Mfundo ya alamu ndi yomwe oikira kumbuyo Halsey amaigwira kulikonse kumene mkanganowu wabuka, ndipo siyopepuka. Mu 2525 kunabwera a Covenant, zolengedwa za kutali m'mlengalenga, zomwe zinkatentha mapulaneti a anthu mpaka dothi kusanduka galasi. Pofika 2552 anthu mabiliyoni anali atatha, Reach yomweyo itagwa. Pakanapanda John, palibe akanatsala. "Ana 75 mbali ino, mabiliyoni mbali inayo," anatero alamu, manja atawatambasula. "Sikelo imeneyi ikuvuta pati?"

Ndinawauza kuti ikuvuta pa zaka. Ana anabedwa mu 2517, a Covenant anaonekera mu 2525 ku pulaneti ya Harvest. Tsiku lomwe Halsey ankayang'ana John akusewera pabwalo la sukulu kwawo ku pulaneti ya Eridanus II, panalibe munthu amene ankadziwa kuti kuli chinthu chotchedwa Covenant. Anawo anawatengera kukapha anthu anzawo, a m'mapulaneti akutali amene anatopa kulamulidwa ndi boma la ku Dziko Lapansi. Ntchito yawo yoyamba inali kukagwira mtsogoleri wa oukira boma, Colonel Robert Watts. Zoti adzapulumutsa anthu onse zinangochitika mwamwayi. Munthu akaba nkhwangwa kuti akathyolere nyumba ya mnzake, panjira n'kupha nayo fisi wolusa, mudzi umasangalala kuti fisi wafa, koma palibe amene amati anaba bwino.

Alamu sagonja msanga, ndipo ndimawakondera chomwecho. Anati oukirawo sanali angelo, anaphulitsa bomba la nyukiliya pakati pa anthu wamba ku pulaneti ya Mamore mu 2511, ndipo kafukufuku wa katswiri wina, Dr. Carver, anali ataonetsa kale kuti kukubwera nkhondo yapachiweniweni yomwe ikanagwetsa zonse. Zoona zimenezo. Koma mphwawo, amene nthawi yonseyi anali chete akufufuza pafoni, anadzutsa mutu: "Nanga pulaneti ya Far Isle? Akuti mu 2492 boma ndi lomwe linaponya nyukiliya pa anthu ake." Mnyamata woti m'mawa samadziwa kuti Halsey ndani, masana ali kale pakati pa mlandu. Umu ndi momwe nkhani zimenezi zimagwirira munthu.

Nsima itafika ndi pomwe zinafika penipeni. Achemwali magemu alibe nawo ntchito, ankangotimvera ali kukhitchini. Posamba m'manja ndinatchula chinthu chomwe ndinali ndisananene: kuti makolo asadziwe, ONI inkasiya m'malo mwa mwana wobedwayo mwana wina wopangidwa mofulumira m'labotale, wofanana naye ndendende, amene thupi lake silinkachedwa kufooka mpaka kumwalira. Achemwali anaika mbale pansi.

"Tabwerezani."

Ndinabwereza.

"Ndiye kuti makolowo anadwazika mwana, kuzungulira naye m'zipatala, kumulira, kumuika m'manda, wawo weniweni ali moyo kwina?" Kenako anatembenukira kwa amuna awo. "Inu abambo, mwana wathuyu wayamba Sitandade 1 chaka chino. Zaka zake ndi zomwezo. Za sikelo zanuzo muzinene mukumuyang'ana."

Alamu anati, "Mayi, ndi gemu chabe." Achemwali anati ikanakhala gemu chabe sakanaiteteza kuyambira m'mawa. Tinadya kaye.

Chomwe achemwali anachiona pakamphindi, olemba nkhaniyi anachilembera mabuku athunthu. M'mabuku atatu a Karen Traviss, oyamba ndi Glasslands mu 2011, muli bambo wina, Staffan Sentzke, amene mwana wake Naomi anatengedwa. Iye anakana kuti mwana amene anabwezedwa kunyumba ndi wake. Anthu anamuyesa wozungulira mutu, banja lake linasweka, ndipo mapeto ake analowa m'gulu la oukira boma. Pulogalamu yomwe inapangidwa kuti ithetse oukira inadzipangira woukira wina ndi manja ake. Nthawi iliyonse ndikakumbukira bambo ameneyu, mawu oti "ana 75" amandichepera, chifukwa kuseri kwa mwana aliyense kuli nyumba yonse, ndiponso kuli kamwana kena kaja kopangidwira kufa, komwe m'mikangano yathu timakaiwala kukawerenga.

Komabe pali pamene ndinaima ndi alamu, ndipo anadabwa. Okonda Halo ambiri anakwiya ndi mabuku a Traviss, ati anamusandutsa Halsey mfiti ya m'mudzi, yosenza zoipa zonse yokha. Ine mkwiyo umenewo ndimaumvetsa. Halsey analibe zombo zakezake zobera ana, analibe ndalama zakezake. ONI ndi imene inavomereza, ndipo mkulu wake Margaret Parangosky, amene pambuyo pake anamumanga, manja ake sanali oyera. Ndiye pali ma Spartan-III, gulu lina lobwera pambuyo pa la John, amene Halsey sanawapange n'komwe. Colonel James Ackerson anatolera ana amasiye a m'mapulaneti otenthedwa, mitima ili ndi ukali wofuna kubwezera, n'kuwaphunzitsa motchipa kuti azitumizidwa kumene kulibe kubwerako. Gulu loyamba, ana 300, linathera pa ntchito imodzi mu 2537. Lachiwiri linapita mu 2545, n'kubwerako awiri okha, Tom ndi Lucy, ndipo Lucy anakhala zaka osalankhula. Mendez yemweyo ndi amene anawaphunzitsanso. Kumanga mayi mmodzi n'kumati mlandu watha ndi njira yoti ena onsewo azigona tulo. Mlandu suola, ndipo uwu uli ndi eni ake ambiri.

Bodza la ONI silinathere pa makolo. Spartan akafa kunkhondo sankalembedwa kuti wafa, ankalembedwa kuti wasowa, kuti anthu azikhulupirira kuti ma Spartan safa. Ali ana, makolo awo anauzidwa kuti afa ali moyo. Atakula, dziko linauzidwa kuti ali moyo atafa.

Madzulo mnyamata uja anafunsa funso lomwe landitsata mpaka kuno: "Nanga Chief mwiniyo, ndi ngwazi kapena ndi chida?" Ndinamuuza za Dominic Ongwen wa ku Uganda. Anabedwa ndi gulu la zigawenga la LRA ali mwana, akupita kusukulu, anakulira m'tchire mpaka kukhala mmodzi wa akuluakulu a gululo. Mu 2021 khoti la ICC ku The Hague linamupeza wolakwa pa milandu 61 n'kumulamula kukhala m'ndende zaka 25. Oweruza anavomereza kuti anabedwa ndipo anazunzika, koma anati zomwe anachita atakula ndi zake. Sindikufanizira nkhanza za Ongwen ndi John, ndipo anthu amene anavulazidwa kumpoto kwa Uganda ndi enieni, si a pa sikirini. Ndikungotengapo mfundo imodzi. Ngati zoipa zomwe mwana wobedwa wachita atakula zili zake, ndiye kuti zabwinonso ndi zake. Kulimba mtima kwa John, kusataya anzake, kubwerera kukatenga Cortana, mnzake wa pakompyuta amene amamuthandiza kunkhondo, pomwe aliyense akanamusiya, zonsezo ndi za John. Halsey sangazitenge n'kukalipira nazo ngongole yake. Ndingathe kumukonda Chief ndi mtima wonse, monga ndamukondera kuyambira ndili mnyamata, popanda kukhululukira amene anamuba. Ndipotu kumukonda kwangako ndi komwe kumandiletsa kukhululuka, chifukwa munthu wa mtima wotere anayenera kufunsidwa ngati akufuna, ali wamkulu woti n'kukana.

Tinaseweradi pang'ono dzuwa litalowa. Mnyamatayo manja ake ndi achangu, sanachedwe kuzolowera. Mwana wa achemwali anabwera kudzakhala pamiyendo pa bambo ake, ndipo alamu anatsitsa voliyumu n'kusintha kuika gemu ya mpira.

Pondiperekeza ku siteji anayambiranso. "Chabwino alamu, inuyo muli mu 2517, ziwerengero za Carver zili patebulo, nkhondo ikubwera. Mukanatani?" Ndinati ndikanatenga akuluakulu odzipereka okha. Zinachitikapo kale mu pulogalamu ya ORION, komwe kunachokera Sergeant Johnson, msilikali mnzake wa Chief, ndipo zinadzachitikanso ndi ma Spartan-IV nkhondo itatha. Iwo anati amenewo mphamvu zawo sizifika pa za John, ndipo nawo okha mwina nkhondo ya Covenant anthu akanagonja. Ndinavomera kuti mwina akanagonjadi. Ndinawauzanso kuti ngakhale zili choncho sindikanasaina pepala lotenga mwana wa munthu, ndipo ndikudziwa kuti yankho limeneli lili ndi mtengo wake woopsa. Anapukusa mutu, minibasi n'kufika.

Tagwirizana kuti Loweruka likudzali tiyambe Halo: Reach ya 2010, chifukwa m'gulu la asilikali a m'gemuyo, lotchedwa Noble, onse ndi ma Spartan-III kupatula mmodzi, Jorge, ndipo ndikufuna mnyamata uja awaone akudziwa kale kumene anachokera. Achemwali ati nawonso adzakhala pabalaza.