Mmene ndinatsitsira Mark X yanga yoyendera tsiku ndi tsiku

Pamsewu wafumbi wotuluka kwathu ku Area 25 mu Lilongwe pali hampu imene anthu anaumba okha ndi dothi ndi zidutswa za njerwa, ati pofuna kuteteza ana kwa anyamata a njinga zamoto. Ndi yaitali ngati mzere wa mbatata. Ndimaikwera kawiri pa tsiku, ndipo ndiyo inagamula kuti galimoto yanga itsike bwanji. Maganizo anga anali ena.

Galimoto yake ndi Toyota Mark X ya 2007, ya injini ya V6 ya malita 2.5, yokoka ndi matayala akumbuyo. Inachokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ngati zinzake zambiri zimene mumaziona m'tauni muno. Ndilibe ina. Yomweyo ndi ya kuntchito ku City Centre, ya ana kusukulu, ya kumaliro, ndiponso yokatengera ufa kwa apongozi ku Mponela. Chimene chinkandinyansa chinali mpata wa pakati pa tayala ndi bodi. Chibakera chinkalowa chonse. Komanso pokhota pa raundabauti galimoto inkapendama ngati bwato.

Ndiyambe ndi kupusa kwanga. Ulendo woyamba ndinapita kwa mnyamata wina wa pansi pa mtengo amene anandiuza kuti, "Bwana, musataye ndalama. Tingodulako pang'ono masipiring'i ndi galayinda, pofika masana mwanyamuka." Ndinavomera. Tsiku limenelo galimoto inaoneka bwino kwambiri, moti ndinaijambula mbali zonse. Mavuto anayamba mawa lake. Sipiring'i ukaidula imauma, pamene mashoko anali akale omwe aja, otopa kale, ndiye galimoto inkadumphadumpha ngati ngolo. Nsonga yodulidwayo sinkakhala bwino pa mpando wake, inkalira gogogo pa kabampu kalikonse. Kumanzere kunatsika kuposa kumanja. Patatha miyezi itatu matayala akumbuyo anali atadyeka mkati mpaka mawaya kuonekera, kunja kuli bwinobwino. Mayi a kunyumba anangofunsa kuti, "Kodi bambo, galimotoyi inakulakwirani chiyani?"

Ulendo wachiwiri ndinayamba ndi tepi yoyezera. Ndinaimika galimoto pa simenti yosalala, matayala opopa mofanana, n'kuyeza kuchokera pakati penipeni pa rimu kufika pamlomo wa bodi, mbali zonse zinayi. Osayeza kuchokera pansi, chifukwa mpweya wa m'tayala umasokoneza. Popeza yanga inali yodulidwa kale, ndinapempha mnzanga wa Mark X yosakhudzidwa kuti tiyeze yake, manambala ake akhale poyambira. Ndinawalemba pa kapepala n'kukamata mkati mwa buti.

Kenako kusankha. Njira zeni zeni ndi ziwiri. Pali masipiring'i opangidwa kale aafupi, a makampani ngati RS-R kapena Eibach, amene umaika ndi mashoko atsopano. Ndi otsikirapo mtengo, koma msinkhu umene akupatsa ndi womwewo, sungausinthe. Ndiye pali ma coilover, pamene shoko ndi sipiring'i zimabwera pamodzi, zili ndi mazinga oti ukhoza kukweza kapena kutsitsa galimoto ndi sipanala. Ine ndinatenga ma coilover a Tein, mtundu wa Flex Z, chifukwa cha hampu ija basi. Sindinkadziwa kuti ilola msinkhu wanji, ndiye ndinafuna chinthu choti ndikalakwitsa ndibwezere. Ndinazungulira m'mashopu a sipeya a ku Malangalanga, mashoko wamba anali mbwee koma zimenezi ayi, ndiye ndinaitanitsa kunja. Apa pamafunika kupirira. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa chimawawa, ndipo pamwamba pa mtengo pamabwera mtengo wonyamulira ndi msonkho wa MRA. Werengerani zonsezo musanalipire. Onetsetsaninso nambala ya chasisi: yanga ndi GRX120, ndipo pali ma Mark X ena okoka ndi matayala onse anayi amene zida zake n'zosiyana.

Katundu ali m'njira, ndinapita ku Biwi kwa amakaniko ena achikulire, a galaja yokhala ndi dzenje. Anaikweza galimoto, natenga chitsulo chachitali n'kumakanula mkono uliwonse, zitsulo zimene zimalumikiza tayala ku galimoto. Mark X ili ndi mikono iwiri mbali iliyonse kutsogolo, wam'mwamba ndi wam'munsi, ndipo kumbuyo ili ndi ingapo, yonse yokhala ndi mabushi a labala. Anandiitana kuti nditsike m'dzenjemo.

"Achimwene, taonani apa. Bushi iyi yang'ambika, iyi yatha. Mukaika zatsopano zanuzo pa zinthu izi, ndiye kuti mwavala suti pa kabudula wong'ambika."

Tinasintha mabushi anayi, ball joint imodzi (mfundo imene mkono umazungulirapo) ndi timikono tiwiri ta stabiliser (chitsulo chochepetsa kupendama pokhota). Ndalama imeneyi sindinaikonzekere, koma kunena zoona theka la kukoma kwa galimotoyi lero linachokera pamenepa.

Tsiku loika tinayamba 7 koloko m'mawa. Galimoto inakhala pa masitandi anayi achitsulo, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa monga timaonera m'mbali mwa msewu. Mabawuti a pansi anali atagwira dzimbiri ndi matope, tinawathira mafuta n'kudikira. Kutsogolo mitu ya mashoko ili poonekera ukatsegula boneti. Kumbuyo tinachita kuchotsa makapeti a m'buti kuti tiipeze. Ubwino wa ma coilover anga ndi woti anabwera ndi mitu yawo, choncho sitinavutike ndi kupana masipiring'i akale. Ngati inu mukuika masipiring'i okha, chipangizo chopanira chija n'chofunika, ndipo nkhope yanu isayang'anizane ndi sipiring'i yopanidwa. Ikapulumuka imatha kuthyola nsagwada. Waya wa ABS (chipangizo choletsa matayala kukakamira ukaponda buleki) ndi paipi ya mabuleki tinazimasula pa timabulaketi take kuti mkono ukagwa zisakokeke.

Pali chinthu chimodzi chimene madala aja anakakamira, chimene mnyamata woyamba uja sanachiganizire n'komwe. Mabawuti odutsa m'mabushi sanawamange galimoto ili m'mwamba. Anangowagwiriza, n'kutsitsa galimoto kuti ikhale pa matayala ake pamwamba pa dzenje, n'kuikankha uku ndi uku, kenako ndiye anamanga kotheratu. Chifukwa chake n'chakuti labala wa bushi sazungulira, amapotoka. Ukamanga tayala lili lendelende, galimoto ikatsika labalayo amakhala wopotoka nthawi zonse, ndipo sachedwa kung'ambika. Anamasulanso ngakhale mabawuti a mikono imene sitinaikhudze, n'kuwamanganso pa msinkhu watsopano. Manati a matayala anamanga ndi sipanala yoyezera mphamvu, pa 103 Nm, osati kupondapo ndi phazi.

Tinayamba ndi kutsitsa mamilimita 40. Pagalaja inkaoneka ngati ya pa chithunzi, anyamata ogulitsa matayala mpaka anabwera kudzaonerera. Madzulo ndikufika pa hampu ija ndinalowa chammbali, pang'onopang'ono, ndili ndekha m'galimoto. Kwee! Ekizozi inakhula. Ndinaganiza za tsiku limene ndidzanyamule anthu anayi ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo m'mawa mwake ndinabwerera ku Biwi. Tinakweza kufika pa 30. Inadutsa ndili ndekha, koma inakhula titakwera ndi ana ndi mayi awo. Tinamaliza pa 25 kutsogolo ndi 20 kumbuyo. Mnzanga wina anaseka, ati ndalama zonsezo kungotsitsa zala ziwiri. Iye amakhala ku Area 47, phula mpaka pageti.

Posintha msinkhu, tembenuzani chigoba cha m'munsi cha shoko, musafinye sipiring'i. Mtundu uwu unapangidwa choncho kuti shoko isataye mpata wake woyendamo. Ndipo muziyeza mbali zonse mukasintha imodzi, chifukwa kukweza kona imodzi kumasuntha ina.

Alayimenti, kuwongola mmene matayala akulozera, sindinathamangire tsiku lomwelo. Ndinayenda sabata imodzi kuti zonse zikhazikike, ndinayezanso, kenako ndinapita pa malo a makina a kompyuta. Galimoto ikatsika matayala amapendekera mkati kumtunda kwake, ndipo amasiya kuloza kutsogolo ndendende. Kupendekerako pang'ono si vuto, kumathandizanso pokhota. Chimene chimadya tayala msanga ndi kuloza kolakwikako, chimene amachitcha toe, chifukwa tayala limakhala likukhula msewu chammbali ulendo wonse. Uzani wa makinayo kuti ayeze matayala onse anayi. Ena amakonza kutsogolo kokha n'kukuuzani kuti zatheka, pamene pa galimoto ngati iyi kumbuyo n'kumene matayala amathera. Pemphani pepala la manambala.

Usiku woyamba pa M1 ndikuchokera ku Kanengo ndinadabwa kuti magetsi akuwala pafupi kwambiri, munthu wa njinga ndinkamuona nditamufika kale. Galimotoyi ili ndi kachipangizo pa mkono wakumbuyo kamene kamauza magetsi ngati buti yalemedwa, kuti aweramire pansi asathobwe anzako m'maso. Itatsika, kachipangizoko kankaona ngati ndanyamula katundu nthawi zonse. Tinaimika galimoto moyang'ana khoma n'kuwakweza magetsiwo ndi sikuludiraiva. Ntchito ya mphindi khumi, koma ndikanapanda kuizindikira ikanatha kupha munthu.

Kuuma kwa mashoko kumasinthidwa ndi kakonono ka pamutu pake, kali ndi masitepe 16. Umakapotoza mpaka kumapeto kouma, kenako n'kumabwerera ukuwerenga kulira kwake. Ndinayamba pa 8, mano anatsala pang'ono kuguluka pa msewu wa ku Kawale. Pano ndili pa 12 kutsogolo ndi 13 kumbuyo, ndipo marimu ndinasiya a 16 omwe aja, a matayala a 215/60, ngakhale mtima unkafuna a 18. Mnofu wa tayala ndi umene umapulumutsa rimu ukagwera m'dzenje lobisika ndi madzi mwezi wa Febuluwale. A inshuwalansi ndinawauza za kusinthaku n'kusunga kalata yake, ndipo ku COF, koyeza ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, inadutsa bwinobwino.

Tsopano pa raundabauti imakhota ili chilili, ndipo ndikaponda buleki mphuno sigwa pansi ngati kale. Pa hampu ndimalowabe chammbali, a minibasi kumbuyo akuimba hutala. Ntchito imene yatsala ndi ya mazinga a ma coilover aja. Fumbi la Okutobala ndi matope a dzinja zikalowamo amagwirana osatembenukanso, choncho pakatha miyezi iwiri ndimachotsa matayala, kutsuka ndi kaburashi ka mano kakale, n'kupaka mafuta pang'ono. Kaburashiko kamakhala m'buti, pamodzi ndi masipanala awiri a ma coilover ndi kapepala ka manambala kaja.