Lachitatu: kuchigayo ndi amalume

Lero m'mawa ndinapita ndi amalume kukagayitsa chimanga ku Kapata. Pachigayopo pali makina awiri, ndipo mdala wogayitsayo wakhalapo kuyambira ine ndili kamwana. Tili pamzere, lamba wa makina amodzi anayamba kufuka utsi. Mdala uja kuthamanga, n'kukazimitsa makina enawo, abwinobwino! Mnyamata wake ndiye anadumpha matumba n'kuzimitsa ofukawo. Azimayi anaseka mpaka misozi. Amalume okha ndiwo sanaseke.

Pobwerera, thumba lili panjinga, anandifunsa kuti, "Mphwanga, ukudziwa chimene chinapha anyamata athu ku Gabon?"

Tsikulo ndimalidziwa ngati wina aliyense muno mu Zambia: 27 Epulo 1993. Ndeke ya asilikali a m'mlengalenga a ZAF, ya mtundu wa Buffalo, inanyamula timu ya mpira ya dziko kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal. Itangonyamuka ku Libreville, likulu la Gabon, usiku inagwera m'nyanja, anthu 30 onse n'kutha, 18 mwa iwo osewera. Kalusha Bwalya anapulumuka chifukwa ankachokera ku timu yake ya PSV ku Holland payekha. Koma zimene lipoti la boma la Gabon linanena mu 2003, patatha zaka 10, ndazimvetsa lero. Injini ya kumanzere ndiyo inagwira moto, koma woyendetsa anazimitsa ya kumanja, yomwe inali yamoyo. Ndeke ikukwera, inatsala yopanda mphamvu konse. Lipotilo linatchulanso kutopa, popeza dzulo lake munthuyo anali atangobwera nayo timu kuchokera ku Mauritius.

Amalume akuti masiku amenewo anthu ankalimbikira zoti ndekeyo inachita kuomberedwa. Sindikuwadabwa. Mtima umalandira msanga nkhani ya mdani kusiyana ndi yakuti msilikali wophunzira bwino, wozolowera mlengalenga, dzanja lake linapita kolakwika. Ineyo ndikuona kuti maphunziro anali nawo ndithu. Chimene analibe ndi tulo ndi mpata woganiza kawiri. Mdima kunja, pansi madzi, moto pambali. Mdala wa pachigayo anali ndi dzuwa, nthaka pansi pa mapazi, ndi mnyamata womuwombola, komabe anaphonya.

Madzulo tadya nsima ya ufa womwewo ndi chibwabwa. Amalume anayamba kutchula maina, Efford Chabala, Wisdom Chansa, mphunzitsi Godfrey Chitalu, kenaka anangoti zii n'kupempha madzi osamba m'manja. Gaga tinamuiwala kuchigayo, ndiye mawa ndibwererakonso.