Nkhukundembo 1,200 za ku Cliff Palace

Chimanga ndicho chinandipusitsa. Ndili pasukulu ku Colorado, ku America, anandiika m'gulu lomanga pakompyuta mudzi wakale wa Cliff Palace, ku Mesa Verde, kuti ana asukulu akavala magalasi a VR, oonetsa zapakompyuta ngati uli momwemo, aziyendamo ngati abwerera m'zaka za m'ma 1200. Mudziwu anaumanga makolo a anthu a Pueblo, eni nthaka a kumeneko, m'phanga la kunsi kwa thanthwe. Uli ndi zipinda pafupifupi 150 ndi ma kiva 23, zipinda zozungulira zokumbidwa pansi, zolowera padenga ndi makwerero. Anzanga anali atamaliza kale makoma. Ine anandiuza kuti ndiike zamoyo pabwalo.

Nditawerenga kuti anthuwo ankalima chimanga, nyemba ndi maungu, ndinati basi, awa ndi abale anga, kwathu ku Dedza kwenikweni. Mabuku enawo ndinatseka. Ndinaika mayi akusinja mumtondo, mbuzi ziwiri zikudzikhula kukhoma, ndi tambala wofiira pamwamba pa makwerero. Tambalayo ndinamutayira masiku atatu, mpaka lipombo lake linkagwedera.

Ndiye kunabwera mayi wina wachikulire wachi Hopi, umodzi mwa mitundu ya a Pueblo, amene ankatilangiza poti mudziwo ndi wa makolo awo. Anavala magalasi, anatembenuka pang'onopang'ono, kenaka zii.

"Mwanawe, tambalayu wabwera ndi ndani?"

Ndinayankha monyadira kuti ndi ine, amayi.

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandiuza mofatsa kuti nkhuku, mbuzi, nkhosa ndi akavalo zinabwera ndi Asipanishi, omwe anafika m'chigawocho mu 1540. Apo n'kuti anthu a ku Cliff Palace atasamukira kumwera kalekale, chisanafike chaka cha 1300, pa nthawi ya chilala choopsa chimene chinayamba mu 1276. Chimanga ankapera pamphero atagwada. Mbalame yawo yoweta inali nkhukundembo, ndipo nthenga zake ankalukira mabulangete. Chondipweteka kwambiri: chimanga chomwe ndinkachiyesa cha agogo anga chinachokera ku Mexico, ife tinachita kulandira.

Usiku umenewo ndinapha tambala wanga, mbuzi ndinathamangitsa, mtondo ndinachotsa. Ndinapanga nkhukundembo imodzi yokongola, n'kuiuza kompyuta kuti ichulukitse zikhale 12. Inali 3 koloko m'bandakucha, maso ali psuu. Chala chinagonera pa ziro.

M'mawa ana anadzaza chipinda. Anandisankha ine kuvala magalasi, iwo aziona pa sikirini yaikulu zomwe ndikuonazo. Ndinayamba bwinobwino, ndi mawu aulemu ngati wolondolera alendo: apa ndi pamene ankasungira chimanga, apa ndi kiva, malo a miyambo. Nditangosuzumira m'kivamo, zinatuluka. Mukudziwa mmene ngumbi zimatulukira pachulu mvula yoyamba ikagwa? Nkhukundembo padenga, nkhukundembo m'mawindo, zina zikuyenda m'malere poti pansi malo anatha, iliyonse ikulira payokha.

Mutu unkadziwa kuti ndi za pakompyuta. Miyendo inakana kumva. Ndinakuwa "Mayo ine!" m'Chichewa chenicheni, ndinathawa chobwerera m'mbuyo, ndinakodwa pa waya, n'kukhala pansi ndi matako m'bini ya zinyalala. Magalasi akadali kumaso, ndiye ndinkapalasa manja kuingitsa mbalame, "Shii! Shii!", bini itandikanirira. Anandizula anthu awiri.

Ana anaseka mpaka ena kugudubuzika. Mayi aja, akupukuta misozi, anandigwira paphewa: "Koma lero mbalame zake ndi zomwezo, mwanawe."

Ndinazichepetsa zinatsala 12, ngakhale ana ankachonderera kuti zonse zibwerere. Vuto ndi lakuti imodzi inalowa m'kati mwa khoma la kiva. Saioneka, koma ukayandikira umaimva ikulira. Ndaifunafuna miyezi iwiri tsopano.