Musanagule pikapu yokokera ngolo

Anzanga, musakopeke ndi penti. Hilux 2.8, D-Max 3.0 ndi Ranger za 4x4 zambiri zimakoka makilogalamu 3,500, koma pokhapokha ngoloyo ili ndi mabuleki ake. Yopanda mabuleki isapyole makilogalamu 750. Pikapu yotere imanyamula pafupifupi tani imodzi, ndiye matumba 20 a chimanga, ndipo dalaivala, okwera ndi kulemera kwa ngolo pa chokokera zimadya pomwepo.

Lowani kunsi kwa pikapuyo ndi tochi. Chassis (chimango chachitsulo chonyamula galimoto yonse) ikakhala yowotcherera pafupi ndi masipuling'i akumbuyo, isiyeni, inasenzetsedwa mopyola. Ilizeni injini itazizira. Utsi wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Pachitunda, injini ikamalira liwiro osakwera, kilatchi yatha. Ine ndingasankhe ya dizilo yomwe masipeya ake amapezeka ngakhale ku Mzimba.