Kumanga kabokosi ka arcade kapatebulo: ndimayamba ndi mawaya, matabwa pambuyo

Katundu womangira kabokosi ka arcade, kamakina kosewerera magemu akale a pa sikirini, akangofika, manja amathamangira matabwa, chifukwa ndi amene amaoneka ngati makina a masewera. Ine matabwawo ndimayamba ndawaika pambali. Ndimayala zamagetsi zonse patebulo, n'kuzilumikiza zili pamtunda, mpaka gemu imodzi iseweredwe bwinobwino. Mkati mwa kabokosi kotere ndi mopanikiza kwambiri, moti mukatseka kale, waya mmodzi wolowa polakwika amakumasulitsani pafupifupi chilichonse.

Mu katoni mumakhala matabwa a MDF (opangidwa ndi utuchi wopanikizidwa) odulidwa kale, pulasitiki yoonekera yotchinga sikirini, sikiriniyo, joystick (ndodo yoyendetsera gemu), mabatani, sipika ndi kabodi kolandira mawaya a mabatani, kotchedwa encoder. Nthawi zambiri Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono koyendetsa magemuwo), khadi la microSD ndi tchaja mumagula padera, choncho werengani mndandanda wa katunduyo musanalipire. Pa sikirini, funani ya 4:3, monga ya mainchi 8 kapena 10 imene imabwera ndi Picade, bokosi lotere la kampani ya Pimoroni ya ku Sheffield, yokhala ndi timadontho 1024 ndi 768. Magemu akalewa anapangidwira ma TV a chimbuyo aja, ndipo pa sikirini yaitali ya masiku ano amasiya mdima waukulu m'mbali kapena kutamuka mpaka zozungulira kuoneka ngati mazira.

Choyamba ndi khadi. Ndimagwiritsa ntchito la 32GB, n'kulembamo RetroPie, pulogalamu yoseweretsa magemu akale, kudzera mu pulogalamu ya Raspberry Pi Imager pa kompyuta, posankha ya mtundu wa Pi imene ndili nayo. Pa Raspberry Pi 4 pali mabowo awiri a micro-HDMI. Waya wa sikirini ulowe mu HDMI0, bowo loyandikana ndi la magetsi, ndipo sikirini iyake kaye Pi isanayatsidwe. Ikachedwa kuyaka, Pi imaona ngati palibe sikirini ndipo mumangoyang'anizana ndi mdima.

Nkhani ya tchaja musaipepuse. Pi 4 imafuna 5.1V ndi 3A kudzera pa USB-C, pamene Pi 3B+ imafuna 2.5A pa micro USB. Tchaja ya foni imayatsa ndithu, koma gemu ikayamba kulemera mphamvu imatsika. Ikafika pansi pa 4.63V, pakona ya kumanja m'mwamba pamaoneka kachizindikiro ka mphenzi, Pi imachepetsa liwiro, mawu amadukaduka, ndipo nthawi zina mabatani amasowa n'kubweranso. Ambiri amayamba kukayikira encoder pamene vuto lili pa waya wautali, wowonda. Kwa amene ali ku Malawi ndi ku Zambia, tchaja ya ku UK imalowa m'khoma mwachindunji chifukwa pulagi ndi yomweyo ya mapini atatu, magetsinso ndi a 230V.

Tsopano mabatani, amene ali a mitundu iwiri. A ku Japan, monga a Sanwa, amalowa m'bowo la mamilimita 30, ndipo ang'onoang'ono a Start ndi Coin m'bowo la 24. Ali ndi timiyendo tiwiri, ndipo waya uliwonse ungalowe pa kamwendo kalikonse. A mtundu wa ku America ndi aatali, amafuna bowo la mamilimita 28, amamangidwa ndi nati kunsi, ndipo kaswichi kake kali ndi timiyendo titatu tolembedwa COM, NO ndi NC. Mawaya anu apite pa COM ndi NO basi. Mukaika pa NC, makina amaona ngati batanilo mwalidina nthawi zonse ndipo limamasuka pokhapokha mukalidina. Chizindikiro chake n'chakuti menyu imangothamanga yokha kapena gemu imangowombera osaleka.

Timapulagi ta kumapeto kwa mawaya timasiyananso: ta Sanwa ndi ta mamilimita 2.8, ta timaswichi ta ku America ndi ta 4.8. Yerekezani musanagule mabatani apadera. Onaninso kuchindikala kwa thabwa. Mabatani ongokankhira a Sanwa anapangidwira chitsulo chopyapyala, moti pa thabwa lochindikala timano take sitigwira, batani limangotuluka mukamasewera. Pamenepo pamafunika okhala ndi nati, kapena kusema thabwalo kunsi kuti lipyapyale pozungulira bowo.

Waya uliwonse ndimaumata katepi ka pepala mbali zonse ziwiri, n'kulembapo nambala yake. Ndikalowetsa kapulagi ndimakakoka pang'ono. Kakatuluka mosavuta, ndimakafinya ndi pulayasi, chifukwa kugwedezeka kwa bokosi posewera kudzakasolola ndithu.

Joystick imasokoneza anthu pa chinthu chimodzi. Itembenuzeni muone kunsi kwake, kenako kankhirani chogwirira kutsogolo. Muona kuti kaswichi kamene kadinidwa ndi kakumbuyo, chifukwa ndodoyo imapendekera pakati ngati sikelo: mutu ukapita uku, mchira umapita uko. Choncho waya wa "m'mwamba" umapita pa kaswichi koyandikana ndi wosewera, ndipo wa kumanzere pa kaswichi kakumanja. Joystick ya Sanwa JLF ili ndi pulagi imodzi ya mawaya asanu, anayi a mbali ndi umodzi wa ground, umene timaswichi tonse timagawana, moti vutoli limachepa, koma mukaimanga motembenuka mbali zonse zimasinthana.

Zonse zikalumikizidwa, ndimalowetsa kiyibodi, kudina F4 kuti ndituluke mu EmulationStation, menyu yosankhira magemu, n'kulemba jstest /dev/input/js0. Pamabwera mzere wa manambala. Ndimadina batani limodzilimodzi n'kuona ngati nambala imodzi yokha yasintha kuchoka pa off kupita pa on. Imene ili on musanagwire chilichonse ndi ija ya NC. Imene sikusintha, waya wake wamasuka. Ctrl ndi C zimatseka pulogalamuyi, ndipo kulemba emulationstation kumakubwezerani ku menyu. Poika mabatani mu menyu, batani la Hotkey musalidumphe: ndi limene mumadina pamodzi ndi Start kuti mutuluke mu gemu. Ine ndimalipatsa batani la Coin.

Pali chinthu china choti musankhe bokosi lisanatsekedwe, ndipo ndimachiona kuti ndicho chimasiyanitsa makina okoma ndi otopetsa. Pac-Man wa Namco wa 1980 ndi Donkey Kong wa Nintendo wa 1981 anapangidwira joystick ya mbali zinayi zokha. Pa joystick ya mbali zisanu ndi zitatu, dzanja likapendekera pakona timaswichi tiwiri timadinidwa nthawi imodzi, gemu imasowa chochita, ndiye mumaphonya kona kapena kuima pamakwerero. Kunsi kwa JLF kuli kambale koonekera kokhala ndi bowo la makona anayi. Mukamasula kambaleko, n'kukankha kachidutswa kapakati ndi kukatembenuza madigiri 45, ndodo imayamba kutsetserekera ku mbali zinayi zokha. Koma Street Fighter II wa Capcom wa 1991 amafuna makona onse pamodzi ndi mabatani asanu ndi limodzi, atatu a nkhonya m'mwamba ndi atatu a mateche m'munsi. Joystick imodzi singakhutiritse mbali zonse ziwiri, choncho ganizirani magemu amene adzaseweredwe kwambiri pakhomopo.

Magemuwo ndimawalowetsa ndi fulashi. Ndimapangamo foda yotchedwa retropie, kuilowetsa mu Pi kwa mphindi zingapo kuti ipange mafoda ake, kubwerera nayo pa kompyuta, kukopera mafayilo mu foda ya arcade ya m'fulashimo, n'kuibwezeranso mu Pi. Mafayilo a arcade akhale mu zip momwemo, osawamasula kapena kuwasintha mayina. MAME, pulogalamu yoyendetsa magemu a arcade imene Nicola Salmoria anayambitsa mu 1997, yasintha kambirimbiri, ndipo mtundu uliwonse umafuna mafayilo ogwirizana nawo: mwachitsanzo, mtundu wotchedwa lr-mame2003 umafuna mafayilo a MAME 0.78. Gemu ikangodetsa sikirini n'kubwerera ku menyu, kawirikawiri vuto ndi limeneli, ndipo fayilo ya /dev/shm/runcommand.log imatchula chimene chikusowa. Magemu a makina a Neo Geo amafunanso fayilo ya neogeo.zip pambali pawo. Dziwani kuti magemu ambiriwa eni ake akadalipo. Pa tsamba la MAME pali ochepa amene eni ake analola kuti aziseweredwa mwaulere pakhomo, osati pa malonda.

Apa ndi pamene ndimabwerera ku matabwa. Ndimawaimika kaye opanda guluu, ongogwiridwa ndi tepi, kuti ndione mbali yoyang'ana mkati ndi yakunja, chifukwa matabwa awiri a m'mbali amafanana ndipo n'kosavuta kupenta mbali yolakwika. MDF imamwa madzi m'mphepete modulidwamo, ndipo m'nyengo ya dzinja imatupa osabwereranso. Ngati matabwa anu sanapentedwe kale, pakani m'mphepetemo guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi pang'ono, muumitse, mupale ndi sandipepala wosalala, kenako andakoti ndi penti kawiri mopyapyala. Mukadumpha guluuyo, mphepete imamwa penti n'kutsala yamanyawa.

Sikuluu iliyonse yolowa m'mphepete mwa MDF iyambe yabowoleredwa kabowo kocheperako kuposa iyo, apo ayi thabwa limang'ambika pakati ngati buku. Mangani ndi dzanja ndipo muleke ikangogwira. Thabwa la kumbuyo ndi la mabatani sindiikapo guluu, chifukwa ndi zitseko zanga zokonzera.

Waya wopyapyala ngati lamba wochoka ku sikirini ndi wosalimba kuposa zonse m'bokosimo. Tukulani kachotsekera ka pulagi yake ndi chikhadabo, lowetsani lambayo mowongoka mpaka kumapeto, kenako tsekani. Akalowa mopendekera, chithunzi chimabwera ndi mizere kapena sikirini imangoyera. Pepala lotchinga pulasitiki yoonekera lichotsedwe pomaliza penipeni, mutapukuta sikirini, chifukwa kafumbi kotsekeredwa mkati kamaoneka nthawi zonse chithunzi chikada.

Masipika akamalira ngati njuchi, makamaka pamene ampu yaing'ono yokweza mawu ngati PAM8403 ikudya magetsi amodzi ndi Pi, yesani kuipatsa magetsi akeake kapena ikani ground loop isolator, kachipangizo kochotsa phokosolo, pa waya wa mawu. Mawaya a masipika asayende mophatikana ndi a magetsi.

Bokosi lotsekedwa limasunga kutentha. Pi ikafika madigiri 80 imachepetsa liwiro yokha, ndipo mu Okutobala imafikako msanga. Ndimaika heatsink (kachitsulo kochotsa kutentha) ndi kafani, n'kusiya mabowo m'munsi ndi m'mwamba mwa thabwa la kumbuyo kuti mpweya wotentha uzikwera n'kutuluka. Ndikatseka mongoyembekezera, ndimasewera kwa ola lathunthu, kenako n'kulemba vcgencmd measure_temp kuti ndione pamene yafika.

Pozimitsa, dzerani pa Start, Quit, kenako Shutdown System, ndipo mudikire kanyale kobiriwira kasiye kuphethira musanazule pulagi. Magetsi akathima Pi ili mkati molemba, khadi likhoza kuwonongeka mpaka makina osayakanso. Kumene magetsi amazimazima zimenezi simungazipewe nthawi zonse, ndiye ndisanamange masikuluu a kumbuyo ndimachotsa khadilo, kukopera zonse zili m'khadimo pa kompyuta ndi pulogalamu ya Win32 Disk Imager, kuzilembanso pa khadi lachiwiri, n'kulimata ndi tepi mkati mwa thabwa la kumbuyo.